Che Mkulungwa ndi Anthu a Kuseri kwa Nsalu

Mangochi, kumayambiriro kwa m'ma 1970

Ana anga, inu mumandidziwa ngati nkhalamba yolanda rimoti kwa zidzukulu, ndipo amayi anu amati ndikakhala pa kanema ndimalankhulira anthu a m'menemo ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Musawatsutse, akunena zoona. Koma dziwani kuti kulankhulira anthu a m'kanema inali ntchito yanga, ndipo ndi imene inakulerani.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku gulu la zaumoyo limene linkafunafuna ndi kuthandiza odwala khate m'boma la Mangochi. Anandilemba pa zifukwa ziwiri. Ndinkalankhula Chiyao bwino, popeza ndinakulira kutsidya kwa nyanja kumene bambo anga ankaphunzitsa pa mishoni, komanso ndinali ndi msana wotha kunyamula jenereta. Za makina a kanema sindinkadziwa ngakhale pogwira. Bwana wanga anali a Nyirongo, wothandizira dokotala wochokera kumpoto, munthu wamtali, wosaseka wamba, wa malaya oyera ositidwa mpaka kuuma. Tsiku loyamba anandionetsa makinawo, chimkuzamawu ndi nsalu yoyera yoonetserapo, n'kunena kuti, "Barnaba, izi zikafa, iwe ndi ine tonse tibwerera kumudzi. Koma woyamba kunyamuka ndiwe."

Kagwiridwe kathu kanali kotere. Tinkafika pamudzi, n'kuonetsa kanema kuti anthu asonkhane, kenako a Nyirongo ankaimirira n'kunena kuti aliyense amene ali ndi banga loyererako pakhungu, losamva kutsina, abwere amuone. Mankhwala analipo, timapiritsi toyera, taulere. Chimene chinkasowa ndi odwala. Munthu akaona banga ankalibisa m'malaya mpaka zala zitayamba kupindika, chifukwa ankadziwa chomwe chimutsatire: mbale yakeyake, mphasa yakeyake, kenako kanyumba kakekake kumunda.

Mafilimu athu anali awiri okha. Ina inali ya chitukuko, imene masiku amenewo inkayenera kuyamba nthawi zonse, kaya mwaionera kale kakhumi. Inayo inali ya mzungu woloza mabanga ndi kandodo uku akulankhula Chingerezi, ine n'kumamasulira pa chimkuzamawu. Ulendo woyamba pamudzi anthu ankabwera ndithu. Ulendo wachiwiri tinkalandiridwa ndi ana ndi mbuzi. Pamwamba pa izo panali kusowa kwa zinthu. Petulo wa jenereta ankatipatsa ngati mankhwala a m'maso. Babu ya makina inali imodzi, ndipo paulendo ndinkaikulunga m'sokosi n'kuisunga m'thumba la pachifuwa. Filimu ikaduka ndinkailumikiza ndi kyutekisi wa amayi anu, amene mpaka lero amati ndinawabera kukongola kwawo.

Zinthu zinasintha pamene dokotala wina wachizungu ankabwerera kwawo. Anatisiyira chibokosi cha zinthu zimene sanafune kunyamula, ndipo pansi pake panali zitini za mafilimu. Mapepala a mayina anali atadyedwa ndi chiswe. Dokotalayo anangoti ndi nthabwala zimene kwawo mabanja amaonera m'nyumba, pa kabokosi kotchedwa wailesi yakanema. Kuno kwathu kabokosi kameneko kunalibe, ndipo ine ndinangovomera mwaulemu, mumtima ndikuti mzunguyu akundinamiza.

Ndinaziyesa ndekha m'chipinda chosungiramo katundu. Inali nkhani ya banja la zilombo lokhala m'tauni, m'nyumba ya njerwa, pakati pa anthu wamba. Bambo wa banjalo chinali chimunthu chowerama polowa pakhomo, nkhope yotupikana, mphuno yophwatalala, makutu olendewera mpaka m'mapewa, zala ngati chinangwa. Ankagwira ntchito yogawa makalata, ndipo agalu amene ankaluma anzake, iye akangotulukira ankathawira pansi pa galimoto. Mkazi wake anali ndi mano awiri otulukira kunja ndi tsitsi loyenda lokha, limene linkamuthandiza kutsuka mbale. Malume wawo ankakhala m'thanki ya madzi padenga, n'kumasuzumira pa nthawi ya chakudya yokha. Panalinso ana awiri aubweya thupi lonse. Choseketsa kwambiri chinali chakuti iwo sankadziwa kuti ndi oopsa. Akapita kukapempha mchere kwa neba, neba ankakomoka, iwo n'kumamukupiza ndi nyuzi, ali ndi nkhawa kuti munthuyu sakudya mokwanira. Ndinaseka ndekha m'chipindamo mpaka mlonda anabwera kudzaona ngati ndagwidwa ndi mizimu.

Filimu yosadziwika masiku amenewo inkatha kukugonetsa kumene sunakonzekere. Choncho tinaitana wapampando wa chipani m'deralo kuti ayambe waiona. Anakhala atakwinya nkhope mpaka pamene malume uja anasuzumira m'thanki atagwira supuni. Pamenepo anaseka mpaka chipewa chinagwa. Atapukuta misozi anati, "Mulibe ndale umu. Koma ya chitukuko iziyamba." A Nyirongo sanaseke ngakhale pang'ono. Anangoti, "Ngati ndi nyambo, tiyeni tiione ngati ikola."

Makanjira, chilimwe chotsatira

Ku Makanjira tinkapita pa lole msewu ukalola, ukakana tinkakwera boti, ine nditakumbatira makina ngati mwana wodwala. Kumeneko sitinkaonetsa kanema usiku. Usiku amuna onse amakhala panyanja, ndipo kuwala kwa makina kunkaitana tizilombo touluka mpaka chithunzi kuoneka ngati kukugwa mvula. Tinkabwereka nyumba yayikulu yosungiramo mbewu, n'kutseka mazenera ndi masaka, n'kuyamba anthu akatuluka mumzikiti ku swala ya masana. Mkati munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, koma palibe ankatuluka.

Nsalu tinkaipachika chapakati, cha kumapeto kwa nyumbayo, ndipo kuseri kwake kunkatsala kamalo kokhala ndi kachitseko kakekake. Palibe analamula, koma zinangokhazikika kuti kumeneko ndi kwa odwala khate. Ankalowera kachitseko kaja filimu itayamba, n'kutuluka isanathe, kuti asakumane ndi anthu. Chithunzi chimaoneka ndithu kuseri kwa nsalu, kungoti chamanja chimakhala chamanzere. Ine ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo chokha.

Chingerezi cha zilombo zija chinali chothamanga, cholankhulira m'mphuno, ndipo ndinkatolapo mawu amodziamodzi. Ndiye ndinangozipatsa mawu anga. Bambo uja ndinamutcha Che Mkulungwa, mkazi wake Abiti Mano, wa m'thanki uja Mjomba. Che Mkulungwa ankalankhula Chiyao ndi mawu a pansi pa mimba, pamene neba wokomoka uja ndinamupatsa Chichewa cha m'tauni, chonyada. Neba akagwa, ine ndinkati, "Abiti Mano, wagwanso mnzathu uja. Ndinakuuzani ine, anthu osadya chinangwa alibe mawondo." Nyumba yonse inkagwedezeka. Ngakhale shehe wa pamalopo, amene poyamba ankati izi ndi za majini, anayamba kutumiza mwana kuti amusungire malo kutsogolo.

Chitini chimene anthu ankachikonda koposa chinali cha khanda. Mkazi wa neba wathamangira mphika umene ukupserera, ndipo posayang'ana wapatsira mwana wake munthu amene waima pakhomo, osadziwa kuti ndi Che Mkulungwa wabweretsa kalata. Msewu wonse ukukuwa, apolisi abwera, neba wakomoka kale. Che Mkulungwa waima chilili, akunjenjemera, kuopa kuti angamuphwanye mwanayo. Khandalo likumuyang'anitsitsa, kenako likugwira khutu lolendewera lija, n'kulikoka, n'kuyamba kuseka kwakuti kwe kwe kwe. Ndinaonetsa chitini chimenechi mpaka filimu inayamba kuoneka mizeremizere, koma sindinatope nacho. Ndinkalikonda banja lija, ana anga, ndinene mosabisa. M'nyumba mwawo munalibe kunyozana. Che Mkulungwa akabwera kuntchito atakhumudwa kuti anthu amuthawanso, Abiti Mano ankamuvula nsapato n'kumuuza kuti ndi nsanje chabe. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akulu, koma awa sankadziwa n'komwe kuti aipa, ndipo nyimbo ankaimba.

Nyambo inakola. Anthu anayamba kubwera kwa a Nyirongo kudzaonetsa mabanga, ena ochokera kumidzi imene tinali tisanafikeko. Bwana anga anayamba kuyenda mopepuka, ndipo tsiku lina ndinawamva akuimba mluzu, ngakhale atandiona anasiya.

Pa anthu amene sanabwere panali mmodzi amene ndinkamuganizira kwambiri. Mayi amene ankatiphikira kumeneko anali Abiti Saidi, wachichepere, wakhanda kumsana, wosalankhulalankhula. Tsiku lina akutsuka mbale anandiuza za mwamuna wake, Che Ajusa, katswiri wosoka maukonde. Nkhope yake inayamba kutupa mkaziyo ali ndi pakati, ndipo mwana asanabadwe iye anasamukira yekha kukanyumba ka kumunda. Mwana wake wamkaziyo anali asanamunyamulepo. Ankangomuonera patali mayi akabweretsa chakudya n'kuchisiya pachitsa. Che Ajusa anali mkamwini pamudzipo, ndipo alongo ake a Abiti Saidi anali atagamula kuti mwezi wosala kudya ukangotha, abwerere kwawo, mlongo wawo akhale womasuka. Kwa a Nyirongo Che Ajusa ankakana kubwera. Ankati kulandira mapiritsi ndi kuvomera pagulu, ndipo ukavomera ndiye kuti wadzilongedzera wekha katundu.

"Koma kanema amabwera," anatero Abiti Saidi. "Amafunda chitenje kumutu, n'kulowera kuseri. Akabwerako ndimamva akuseka yekha kumunda kuja. Che Kanema, chaka chathachi sindinamvepo akuseka."

Che Kanema linali dzina langa kumeneko, ndipo ndinkalikonda kuposa la ubatizo.

Chinsinsi cha nyambo yathu chinaululika tsiku lina m'mawa. Mayi wina wachikulire ataonetsa banga lake n'kulandira mapiritsi, anawatembenuza m'dzanja n'kufunsa kuti, "Adokotala, kodi ndi omwewa amene amamwa Che Mkulungwa?" A Nyirongo anaganiza kuti sanamve bwino, ndipo anandiitana kuti ndimasulire. Mayiyo anafotokoza modekha, ngati akuuza ana. Aliyense akudziwa, anatero, kuti Che Mkulungwa ndi wakhate wa kwa azungu. Onani mphuno, onani makutu, onani zala. Koma chifukwa amamwa mankhwala, boma lakwawo linamusiya pantchito, ali ndi nyumba ya njerwa, ndipo mkazi wake sanamuthawe. Amene anali pamzere onse anavomereza ndi mitu. Ine sindinanenepo zimenezo pa chimkuzamawu ngakhale tsiku limodzi. Anthu anaziona okha ndi maso awo, popeza nkhope yotero ankaidziwa, ndipo sankaidziwira m'nthano.

A Nyirongo anadikira mpaka mzere utatha. Kenako anatseka chitseko.

"Barnaba, anthu anga si zilombo," anatero. "Ndakhala zaka ndikuuza midzi kuti awa ndi anthu odwala basi, ngati wa chifuwa. Lero ndimve kuti chithunzi chawo ndi chinyama cha makutu m'mapewa?"

"Bwana, sakumunyoza. Akumusirira."

"Akusirira bodza. Tsiku lina adzabwera mphunzitsi kapena wochokera ku Joni, adzawauza kuti ndi sewero. Adzati ngati kanema anali bodza, mapiritsi nawonso ndi bodza. Udzawabweza ndiwe?"

"Nanga tikawauza lero n'kusiya kubwera?"

"Ndiye tidzadziwa kuti sitinawapeze n'kale. Mawa unene zoona pa chimkuzamawu, apo ayi zitini zimenezi zisatulukenso m'bokosi. Sankha wekha."

Ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo. Ndinkaona ngati munthu wa malaya oyera akufuna kutaya nsomba zimene zili kale m'bwato chifukwa choti ukonde unali wobwereka.

Kumunda kwa Che Ajusa

Masana omwewo Abiti Saidi anandiuza kuti mwamuna wake akufuna kundiona. Ananditsogolera kudutsa minda ya chinangwa mpaka pa kanyumba ka udzu, iye n'kuima patali ndi mwana. Che Ajusa anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, ukonde uli pamiyendo, akusoka. Sanafunde chitenje. Nkhope inali yotupa ndithu, nsidze zitathothoka, makutu atanenepa, koma zala zinkayenda mwaluso moti ndinazisirira.

"Salamu aleikum, Che Kanema. Khalani pachitsapo, musayandikire."

Ndinakhala. Tinafunsana za moyo, za mphepo ya mwera imene inavuta sabata imeneyo, za mtengo wa ulusi. Kenako anaika singano pansi.

"Ndakuitanirani funso limodzi. Inu mumamva chilankhulo chawo. Che Mkulungwa uja, anayamba mankhwala nkhope itafika kale ngati yangayi, kapena isanafike? Chifukwa ngati anayamba mochedwa n'kumusiyabe ndi banja lake, mawa ndibwera kwa adokotala anuwo. Alamu anga aone."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinakumanepo ndi mphindi yolemera ngati imeneyo. Yankho linali lokonzeka pakamwa. Ndikanangoti anayamba mochedwa, munthuyu akanabwera mawa lake, zala zake zikanapulumuka, mwina ndi banja lomwe. A Nyirongo kunalibe, wondimva panalibe. Ndinayang'ana mayi uja ataima padzuwa akugwedeza mwana, ndipo mtima unkandiuza kuti nama, Mulungu adzamvetsa. Koma munthuyu anali atandiyang'ana m'maso, nkhope yake yosaphimba, chinthu chimene sankachitira wina aliyense. Anandionetsa nkhope yake yeniyeni, ndipo ndinalephera kumubwezera yabodza.

"Che Ajusa," ndinatero, "munthu uja sadwala. Ndi sewero. Ndi mzungu wabwinobwino amene amamumata mphira kumaso. Makutu aja ndi opanga."

Anatola singano, n'kuiikanso pansi.

"Amachotsa?"

"Akaweruka amachotsa."

"Ndi mkazi uja si wake?"

"Si wake. Onse ndi antchito."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye ife takhala tikusirira munthu wovala chinyau." Anayang'ana kumene kunali mkazi wake, ndipo ine ndinadziwa kuti ndataya munthu. Ndinaimirira kuti nditsanzike. Ndisanatembenuke anandiimitsa.

"Nanga khanda lija? Nalonso ndi la mphira?"

"Ayi, khandalo ndi lenileni."

"Analiuza kuti nkhopeyo ndi yopanga?"

"Khanda mungaliuze chiyani, Che Ajusa?"

"Ndi zimene ndikufunsa. Ndiye kuti ilo linaona nkhope ija mmene ilili, n'kuseka." Anatolanso singano n'kuyamba kusoka. "Pitani bwino, Che Kanema. Sikomo."

Mawa lake, nyumba itadzaza, ndinagwira chimkuzamawu makina asanayake. Ndinanena m'Chiyao ndi m'Chichewa kuti Che Mkulungwa ndi banja lake ndi anthu a sewero, kuti sadwala khate, ndipo sanamwepo mapiritsi athu. Ndinati mapiritsiwo ndi enieni, ndipo amene angawachitire umboni ndi anthu a pamudzi pomwepo amene mabanga awo ayamba kuzilala. Panabuka phokoso. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti tawapusitsa, ndipo anatuluka ndi anzake angapo. Ine thukuta linali kamukamu, osadziwa ngati ndiyatse kapena ndilongedze. Kenako kuseri kwa nsalu kunachokera mawu, koyamba chiyambire kuonetsa kanema m'nyumba imeneyo.

"Tamva," anatero Che Ajusa. "Yatsani, tione khanda."

Filimu ili pafupi kutha, kachitseko ka kuseri sikanalire monga mwa masiku onse. Che Ajusa anadikira anthu atatuluka, n'kubwera pa tebulo la a Nyirongo chitenje chili paphewa. Bwana anga anaimirira, n'kumupatsa moni wa padzanja, dzanja losavala kanthu, ndipo sanalisiye msanga. Anamuyeza zala chimodzichimodzi ndi kathonje, n'kumuuza kuti zikadali zamoyo, ndipo akamamwa mankhwala mosadumphitsa zikhala choncho. Nkhope, anati, iphwa pang'ono koma siidzabwerera mwakale. Sanamunamize ngakhale pamenepo.

Madzulo ake a Nyirongo anavala jekete n'kupita iwo eni kwa alongo a Abiti Saidi, ine n'kutsatira ngati womasulira. Anawafotokozera kuti munthu akakhala pa mankhwala kwa miyezi, sapatsiranso wina. Mkulu wa alongowo anamvetsera mwaulemu, n'kuyankha kuti, "Adokotala, inu mawa mukwera boti. Ife titsala ndi mlongo wathu ndi mwana." Anakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anavomera chinthu chimodzi chokha: sadzamuthamangitsa mwezi wosala ukatha, adikira mpaka ife tidzabwerenso mvula ikadzatha. Koma azikhalabe kumunda, ndipo mwana asamukhudze.

Pobwerera a Nyirongo anandiuza kuti, "Zitini zako uzisunge." Kwa munthu ngati iwo, kumeneko kunali kundikumbatira.

Makanjira, mvula itatha

Ena mwa amene anakwiya tsiku lija sanabwerenso, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Koma ambiri anapitiriza kulandira mapiritsi kwa mnyamata wa gulu lathu amene ankazungulira midzi pa njinga mwezi ndi mwezi. Zitini zija ndinayenda nazo zaka zambiri pambuyo pake, ku Chembe, ku Nkhudzi ndi midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, ndipo paliponse ndinkayamba ndi kunena kuti ndi sewero. Anthu ankasekabe chimodzimodzi. Mafilimuwo anadzafa ndi ukalamba, anayamba kununkha ngati viniga n'kumamatirana, mpaka sanathenso kulowa m'makina. Wailesi yakanema itafika kuno kwathu ndinkayembekeza kuti tsiku lina ndidzaliona banja lija, koma dzina lake lenileni sindilidziwa, ndipo mukandifunsa kuti tilisake bwanji ndilibe choyankha. Kwa ine ndi Che Mkulungwa basi, ndipo amalankhula Chiyao.

Koma ndisathamange. Mvula ya chaka chimenecho itatha tinabwerera ku Makanjira pa boti, chifukwa milatho inali itakokoloka. A Nyirongo anamuyeza Che Ajusa m'mawa, n'kupeza kuti sanadumphitse mankhwala. Kutupa kunali kutaphwa ndithu, ngakhale nsidze sizinamere ndipo makutu anatsala okhuthala. Bwana anatumiza uthenga kwa alamu a Che Ajusa kuti palibenso choopa. Yankho linabwera lakuti amva, aganizira. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Kwathu kuno munthu akati aganizira, nthawi zambiri amakhala ataganiza kale.

Masana tinaonetsa kanema. Alongo a Abiti Saidi anakhala kutsogolo, kumbali ya amuna, atavala mikanjo yoyera. Iye anali kumbali ya amayi, mwana ali kumsana, tsopano wamkulu woti n'kukhala yekha. Kachitseko ka kuseri kanalira filimu itayamba, ndipo ndinadziwa kuti Che Ajusa walowa kumalo ake akale. Ya chitukuko inatha, ya mabanga inatha, ndinaika chitini cha khanda.

Pamene mkazi wa neba ankathamangira mphika wake, chithunzi chinadetsedwa ndi mthunzi. Wina anali ataimirira kutsogolo kwa makina. Anthu anakuwa kuti khalani pansi, koma mthunziwo sunakhale. Unali wa mayi wobereka mwana, ndipo unayenda pang'onopang'ono kudutsa nsalu yonse, pamwamba pa nkhope ya Che Mkulungwa, pamaso pa alongo ake ndi mudzi wonse, mpaka unakafika kumapeto. Abiti Saidi anapatula m'mphepete mwa nsalu n'kulowa kuseri.

Phokoso linatha. Mmodzi mwa alongo aja anayamba kudzuka, koma mkulu wawo anamugwira mkanjo n'kumukhazika pansi. Pa nsalu apolisi anali kuthamanga, neba atagona chagada, ndipo apa ndi pamene ndinkayenera kunena za mawondo ndi chinangwa. Chimkuzamawu chinali m'manja, koma ndinachiika pansi. Kwa nthawi yoyamba Che Mkulungwa analankhula Chingerezi chake yekha mpaka chitini chinatha, ndipo palibe anadandaula.

Anthu atatuluka ndinapita kukamasula nsalu monga mwa ntchito yanga. Nditatsitsa mbali imodzi ndinawapeza akadali pomwepo. Abiti Saidi anali atakhala pansi, chitenje choberekera chili pamiyendo, chopanda kanthu. Che Ajusa anali atanyamula mwana wake ndi manja onse awiri, mouma, ngati wanyamula mtsuko wodzaza wa eni ake, misozi ikutsika osaipukuta chifukwa analibe dzanja lopukutira. Mwanayo anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anatambasula kadzanja, n'kugwira khutu la bambo ake.

"Koka, mama," anatero Che Ajusa. "Koka ndithu. Ili silichoka."